Tikhale pansi tiwerengere: maphunziro a mitundu, jenda ndi chikhalidwe kwa mwana wa ku Chilwa

Mawu a sabata ino: Ntchito za Atumwi 6:1-7, Luka 14:28-30



Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'makomo ambiri a kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa mumabuka funso limodzi: mwanayu wakhoza, nanga akaphunzire chiyani, ndipo ndalama zake zichokera kuti? Mayankho ake timawadziwa kale. Akakhale namwino, akakhale mphunzitsi, akaphunzire zowerengera ndalama, pakuti kumeneko ndiye kuli ntchito. Mnyamata kapena mtsikana amene angayerekeze kunena kuti iye mtima wake uli pa maphunziro a za chikhalidwe, a za mitundu ya anthu ndi zilankhulo zawo, kapena a za jenda, timamuyang'ana ngati wabalalika. Timamufunsa monyodola ngati n'zoona kuti akufuna kukalipira fizi kuti aphunzire zinthu zimene agogo ake amazidziwa osapondako m'kalasi. Sabata ino tikufuna kunena poyera kuti maphunziro amenewa ndi oyenera mwana wa ku Chilwa, ndiponso kuti banja losauka lingathe kuwafikira ngati litayamba lakhala pansi n'kuyerekeza bwinobwino masukulu amene amawaphunzitsa, mosangoyang'ana fizi yokha.

Dandaulo la amayi amasiye

Tiyambe ndi Malembo. M'mutu wachisanu ndi chimodzi wa Ntchito za Atumwi timamva za mkangano woyamba umene unagwedeza Mpingo wa ku Yerusalemu. Okhulupirira olankhula Chigriki anadandaula kuti amayi awo amasiye ankawalambalala pa nthawi yogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, pamene amasiye a olankhula chinenero cha kumaloko ankalandira. Tikaiyang'anitsitsa nkhaniyi tiona kuti zonse zitatu zimene tikukambirana zili momwemo. Muli nkhani ya mtundu ndi chilankhulo, muli nkhani ya amayi amene analibe owalankhulira, ndiponso muli nkhani ya chikhalidwe, pakuti anthu awiri obatizidwa ubatizo umodzi anali ataleredwa mosiyana. Palibe pamene Malembo akunena kuti ogawa chakudyawo anali anthu oipa mtima. Chimene chikuoneka n'chakuti maso awo anazolowera kuona anthu a kwawo okha.

Atumwi sanalikane dandaulolo, ndipo sanauze amayiwo kuti angopirira. Anaitanitsa gulu lonse n'kulipempha kuti lisankhe anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino, odzazidwa ndi Mzimu Woyera ndi nzeru. Onse asanu ndi awiriwo, kuyambira Stefano ndi Filipo, anali ndi mayina a Chigriki, ndipo womalizayo anali wa ku Antiokeya, wochita kulowa chipembedzo cha Chiyuda. Mpingo unapereka ntchitoyo kwa anthu odziwa chilankhulo ndi makomo a odandaulawo. Uwu ndiwo muzu wa maganizo athu: gulu lililonse la anthu limasowa ana ake amene anaphunzira kuona amene akulambalalidwa, n'kudziwa chifukwa chake.

Yerusalemu wathu ali pa Kachulu

Amene anaimapo pa doko la Kachulu m'mawa, mabwato akuchokera ku Chisi, amadziwa kuti nyanja yathu ndi msonkhano wa mitundu. Anyanja ndiwo akale m'chigwa muno, ndipo ambiri a iwo anathawira pa chilumba cha Chisi m'zaka za nkhondo ndi malonda a akapolo, zaka zomwe David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859. Ayao anabwera kuchokera kumpoto chakum'mawa m'nthawi yomweyo. Alomwe anayamba kuwoloka mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuthawa misonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, ndipo ambiri anakagwa m'thangata m'minda ya azungu. Lero kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi kwa Mkumbira takwatirana, Akhristu ndi Asilamu timagula pa msika umodzi wa Jali, koma pansi pa mtenderewo pali mafunso amene sanayankhidwe. Chifukwa chiyani adzukulu ambiri a Alomwe satha kuyankha moni m'Chilomwe? Jando, msondo ndi chinamwali zingayende bwanji limodzi ndi kalendala ya sukulu ndi makalasi a ulimbitso?

Nkhani ya amuna ndi akazi nayo ili ndi nkhope yakeyake kuno. Ambiri a ife ndi a chikamwini: munda umatsata mbumba, mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo. Malamulo a malo a mu 2016 atatsegula njira yolembetsa malo a makolo, funso lakuti chikalata chilembedwe m'dzina la yani linasanduka nkhani ya moyo kwa amayi a kuno. Pa nyanja, amuna ndiwo amapita kukapha matemba, makumba ndi milamba, ena n'kukhala miyezi m'zimbowera, pamene amayi ambiri amaumitsa ndi kugulitsa. Nsomba zikachepa, tonse timadziwa mtengo wochititsa manyazi umene amayi ena amaumirizidwa kulipira kuti apeze katundu. Nyanja itauma mu 1995, ndiponso itaphwa kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, amuna ambiri anasamukira ku nyanja zina, ndipo amene anatsala ndi ana ndi nkhokwe zopanda kanthu anali amayi. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti atsikana 42 mwa 100 alionse ankalowa m'banja asanakwanitse zaka 18. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 aziwerengedwa mwana, koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifika lokha pa bwalo la nyakwawa. Limasowa wolinyamula amene amadziwa polowera.

Chitsanzo chimodzi chikutikwanira. Kolera itabuka pa nyanja yathu kumapeto kwa 2015, katemera wake anali wakumwa kawiri, ndipo a zaumoyo anazindikira kuti msodzi wa m'chimbowera sangasiye maukonde ake kuti abwerere kumtunda tsiku limene iwo afuna. Choncho mu 2016 asodzi ambiri anapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha ali pamadzi. Mankhwala anachokera kwa a sayansi, koma njira yowafikitsira inachokera pa kumvetsa mmene anthu amakhalira. Imeneyi ndiyo ntchito ya maphunziro amene tikuwanenawa.

Zambiri zimene dziko limadziwa za ife zinalembedwa ndi alendo. J. Clyde Mitchell analemba za mudzi wa Chiyao mu 1956. Landeg White analemba mbiri ya Magomero mu 1987. Pauline Peters anakhala zaka zambiri akufufuza za minda ndi mbumba kumwera kwa Zomba. Wansembe wa chipani cha Montfort, Bambo Matthew Schoffeleers, anafufuza za Mbona ku chigwa cha Shire, ndipo Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua mu 1976. Tiwathokoze, pakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kodi mpaka liti mwana wa pa Kachulu azingokhala womasulira mawu ndi wonyamula chikwama cha wofufuza, pamene akanatha kukhala mwini kafukufuku?

Masukulu ake ndi ati?

Sukulu yoyamba kuiganizira ili pakhomo pathu. Yunivesite ya Malawi, imene makolo athu amaidziwa ndi dzina lakuti Chancellor College, inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kuyambira mu 2021, makoleji anzake ataima paokha, ndiyo yatsala ndi dzina la University of Malawi. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Kachulu. Kumeneko kuli digiri ya Gender Studies m'gulu la maphunziro a za kakhalidwe ka anthu, kulinso maphunziro a zilankhulo za mu Africa, a mbiri yakale, a zipembedzo, a nyimbo ndi zisudzo. Ubwino wake sulekera m'kalasi. Ku Zomba komweko kuli Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 n'kutulutsa mtanthauziramawu wa chilankhulo chathu mu 2000. Kuli Centre for Social Research, kumene ophunzira ambiri amayambira kugwira ntchito za kafukufuku. Kulinso nyumba yosungiramo zikalata zakale za dziko lino. Komanso akatswiri a pa sukuluyi ndiwo anatsogolera pulogalamu imene inayamba mu 2010 yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa pa za kusintha kwa nyengo, imene inabweretsa kwa magulu a amayi njira youmitsa nsomba m'tinyumba ta dzuwa. Wophunzira wa kuno akakhala pa Chirunga, nyanja ya kwawo imakhala kalasi yake yachiwiri.

Yachiwiri ndi LUANAR, ku Bunda m'boma la Lilongwe, kumene kuli digiri ya Gender and Development. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani za amuna ndi akazi amaziphunzira moyandikana ndi ulimi, kadyedwe ndi chitukuko cha m'midzi. Kwa mtsikana amene anakulira mu sikimu ya mpunga ya Likangala, amene amadziwa yemwe amaokera, yemwe amapalira ndi yemwe amasunga ndalama mpunga ukagulitsidwa, maphunziro amenewa ali pafupi ndi moyo wake. Chovuta ndi mtunda. Ulendo wa ku Lilongwe umatha tsiku, ndipo maliro akachitika kumudzi, thiransipoti yokha imadya ndalama ya chakudya cha milungu ingapo.

Yachitatu ndi MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014. Ambiri amaidziwa ngati sukulu ya sayansi ndi uinjiniya, osadziwa kuti m'kati mwake muli Bingu School of Culture and Heritage, kumene amaphunzitsa za nzeru za makolo, za nyimbo za mu Africa, ndi za chilankhulo ndi chikhalidwe. Amene mtima wake uli pa ng'oma ya tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lapansi mu 2014, kapena pa manganje, kapena pa nzeru za alenje a mbalame a m'madambo athu, apeza kuti kumeneko zinthu zimenezi amazitenga ngati maphunziro enieni.

Yachinayi ndi yathu ya Mpingo, Catholic University of Malawi ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene maepiskopi athu anaitsegula mu 2006. Kumeneko kuli maphunziro a Anthropology, ndiko kuti kufufuza za anthu ndi miyambo yawo, komanso a ntchito zosamalira anthu ovutika. Wophunzira amakhala pafupi ndi Misa ndi masakramenti, ndipo khomo lake limatsegukira ena amene anakhoza bwino koma sanapeze malo m'masukulu a boma. Komabe tisabisane: sukulu imene si ya boma imadalira fizi ya ophunzira ake, choncho mtengo wake umaposa wa sukulu za boma. Kukonda Mpingo sikutichotsera udindo wowerengera.

Palinso njira zazifupi zimene ambiri timazipeputsa. Koleji ya Domasi, m'boma lathu lomwe lino, imaphunzitsa aphunzitsi a kusekondale, ndipo mphunzitsi wa Chichewa, wa mbiri yakale kapena wa za kakhalidwe ka anthu amagwira nkhani za mitundu ndi jenda tsiku lililonse pamaso pa ana mazanamazana. Koleji ya Magomero, imene ili pansi pa unduna woona za jenda, imasula alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi ogwira ntchito zosamalira anthu. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi njira yophunzira za uphunzitsi uli kwanu, n'kumapita kukakumana ndi aphunzitsi nthawi zoikika. Amene wayamba ndi dipuloma sanatsekeredwe kunja, pakuti mayunivesite athu amalandiranso anthu amene agwirapo ntchito kuti adzamalize digiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mtengo weniweni wa nsanja

Ambuye Yesu, mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, anafunsa ngati munthu wofuna kumanga nsanja sayamba wakhala pansi kuwerengera, kuopa kuti angalekere pa maziko anthu n'kumamuseka. Ankanena za mtengo wa kumutsata Iye, koma fanizolo analitenga m'nzeru ya tsiku ndi tsiku imene nafenso tikuisowa. M'midzi mwathu muli maziko ambiri osiyidwa: ana amene anapita ku koleji ndi nthungululu, n'kubwerako chaka chachiwiri opanda pepala, munda wa banja uli pa pinyolo.

Choyamba kuwerengera ndi fizi. Mu 2023 Yunivesite ya Malawi inakweza fizi kuchoka pa K350,000 kufika pa K650,000 pachaka, ndipo mayunivesite ena a boma anakwezanso yawo. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse n'kukwera mtengo. Manambala otere sakhalitsa, choncho banja lifunse ku sukulu yeniyeniyo mtengo wa chaka chimene mwana akukalowa, ndipo liwerengere zaka zinayi zonse moyembekezera kuti pakati pake ukhoza kukweranso. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi zonse zimene sizilembedwa pa kalata yoitana. Zipinda zogona za pa sukulu sizikwanira onse, ndiye ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda kwa ophunzira a pa Chirunga. Pali chakudya, makala, sopo, kusindikiza zolemba, mabandulo a intaneti, foni kapena laputopu, ndiponso ulendo wa kafukufuku wa chaka chomaliza. Apa m'pamene kuyandikira kumasanduka ndalama. Mwana wophunzira ku Zomba kapena ku Domasi angathe kulandira thumba la ufa, mpunga ndi matemba kuchokera kwawo pa kabaza kapena pa galimoto za pa msewu wa Jali. Kafukufuku wake angathe kuchitira m'mudzi mwa amayi ake, akugona m'nyumba ya kwawo. Wa ku Bunda kapena ku Mzuzu zonsezi amagula ndi ndalama. Sukulu ziwiri za fizi yofanana zingathe kusiyana kutali pa mtengo wake weniweni.

Chachitatu ndi ngongole ya boma. Bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'sukulu zaukachenjede linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo limathandiza ophunzira osowa a m'masukulu ovomerezeka. Ambiri a kuno amaphonya mwayi umenewu chifukwa chomva mochedwa kapena kusowa zikalata, pamene umphawi wawo ndi woonekeratu. Tikumbukirenso kuti ngongole ndi ngongole. Idzabwezedwa, ndipo kubweza kwathu ndiko kudzaphunzitse mng'ono wathu. Mkhristu sathawa ngongole imene inamuphunzitsa.

Chachinayi, chimene chimaposa zonse, ndi kuvomerezeka kwa sukulu ndi kwa pulogalamu yakeyo. Bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku mayunivesite a boma, limene limafuna kuti munthu akhoze bwino maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Ndilonso limalembetsa ndi kuvomereza masukulu, ndipo limatulutsa mndandanda wake. Masiku ano m'matauni ndi pa Facebook mwadzaza zikwangwani zolonjeza dipuloma ya jenda ndi chitukuko m'miyezi yochepa pa mtengo wozizira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala limene olemba ntchito salizindikira ndilo lodula kuposa onse, ngakhale mutaligula motchipa.

Tikaika zonsezi pa sikelo, maganizo athu ndi awa. Kwa mwana wa kuno amene mapointi ake akumulola, Yunivesite ya Malawi ikhale yoyamba pa fomu yake, chifukwa cha kuyandikira, kuchuluka kwa maphunziro ndi mwayi wa kafukufuku. LUANAR ndi MUST zitsatire, kwa amene akudziwa bwino chimene akukafuna kumeneko ndipo wapempha ngongole nthawi yake. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amene sanasankhidwe ayang'ane Domasi ndi Magomero popanda manyazi. Nguludi ikhale ya banja limene lawerengera zaka zonse zinayi n'kuona kuti lifika, kapena limene lapeza wolithandiza wodalirika. Kugulitsa munda wa mbumba chifukwa cha fizi ya chaka chimodzi ndi kugwetsa nyumba kuti upeze njerwa za nsanja.

Nkhawa zitatu zimene tiyenera kuzimva

Nkhawa yoyamba ndi ya makolo, ndipo ndi yomveka: ntchito zake zili kuti? Tisanamizane. Ambiri amene anaphunzira za jenda ndi chitukuko ankalembedwa ndi mabungwe odalira thandizo lakunja, ndipo mu 2025, boma la America litatseka ntchito zambiri za USAID, anthu ochuluka m'dziko muno anataya ntchito. Digiri yotere payokha siikira munthu nsima patebulo. N'chifukwa chake tikulangiza kuti aliyense woisankha aiphatikize ndi luso logwirika: kuphunzitsa, kuwerengera manambala a kafukufuku pa kompyuta, kumasulira pakati pa Chingerezi, Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe, kapena kukonza mapulogalamu a pa wailesi. Maofesi a boma oona za chisamaliro cha anthu, makhoti, masukulu, nyumba zoulutsira mawu monga Radio Maria ndi Luntha TV, ndiponso nthambi za Mpingo monga CCJP ndi CADECOM, zonsezi zimasowa anthu otere. Amene amalankhula zilankhulo zitatu za pa doko ali kale ndi chuma chimene mnzake wokulira mu mzinda alibe.

Nkhawa yachiwiri ndi ya akhristu anzathu amene amati akamva mawu akuti jenda amaona ngati ndi khomo lolowera ziphunzitso zotsutsana ndi Mpingo. N'zoona kuti m'kalasi wophunzira adzakumana ndi maganizo ena okhudza banja, thupi la munthu ndi moyo wosabadwa amene sagwirizana ndi chikhulupiriro chathu. Koma Mpingo umenewu ndi womwewo umene umaphunzitsa, kuchokera m'buku la Genesis, kuti mwamuna ndi mkazi analengedwa onse m'chifaniziro cha Mulungu. Papa John Paul II analemba kalata yonse ya ulemerero wa amayi mu 1988, chaka chimodzi asanadzacheze ku Malawi. Kumenya mkazi, kulanda katundu wa wamasiye ndi kukwatiwitsa mwana wa Sitandade 7 ndi machimo, ndipo kuphunzira mizu yake ndi ntchito yachikhristu. Paulo Woyera analangiza Atesalonika kuti aziyesa zonse n'kusunga zabwino. Mkatolika wokhwima amawerenga buku lonse, amamvetsa zimene mlembi akunena, amalemba mayeso moona mtima, kenaka amayeza zonsezo ndi Mthenga Wabwino. Tikawathawa maphunzirowa, nkhani za amayi athu zidzakambidwa m'zipinda mmene mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa katekisimu. Tikumbuke malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inagwira ntchito zaka zambiri pa koleji ina ku Zomba isanalowe ufumu, n'kudzathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwiritsa ntchito mphamvu za mwambo womwewo.

Nkhawa yachitatu ndi yakuti kuphunzira za mitundu kumadzutsa tsankho. Takhala tikuona magulu a zachikhalidwe akukokeredwa m'ndale, ndipo nthawi ya chisankho ikafika ena amatiwerenga ngati mavoti a mtundu wakutiwakuti. Koma tsankho limanenepa ndi umbuli. Amene waphunzira mbiri ya chigwa chino amadziwa kuti palibe mtundu umene unamera m'nthaka ngati bowa, kuti tonse tinachita kubwera, ndipo kuti magazi athu anasakanikirana kalekale. Munthu wotere savuta kumuzindikira pa msonkhano wa ndale, chifukwa saombera m'manja wonyoza mtundu wina. Mu 1995, m'chikalata chake chonena za Mpingo mu Africa, Papa John Paul II anatipempha kuti Mthenga Wabwino uzike mizu m'chikhalidwe chathu. Kodi tingaubzale bwanji m'nthaka imene sitinaifufuze?

Udindo wa parishi

Atumwi sanasiye nkhani ya amasiye m'manja mwa banja limodzi. Anaitana gulu lonse. Nafenso tili ndi zimene tingachite popanda kudikira wachifundo wakunja. Gulu la achinyamata lingathe kumata pa bolodi la tchalitchi masiku otsekera kulandira mafomu a mayunivesite ndi a ngongole, pamodzi ndi mndandanda wa masukulu ovomerezeka. Amene ali ndi foni za intaneti angathe kupatula Loweruka limodzi kuthandiza anzawo a kumidzi yakutali ndi a ku Chisi kulemba mafomu. Ophunzira athu amene ali kale ku koleji, akabwera ku tchuthi, apatsidwe mphindi zochepa ikatha Misa kuti afotokoze mosabisa ndalama zimene amawononga pa mwezi. Malimana athu, amene amadziwa kusonkha pa maliro, angathenso kusonkha mbale ya mpunga nthawi yokolola kuti mwana mmodzi wa m'limana asagone ndi njala ku Chikanda. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo kwa inu amene mudzapite, pempho lathu ndi lakuti mudzabwere nazo kuno nzeruzo. Kafukufuku wanu wa chaka chomaliza adzakhale wa amayi oumitsa matemba, wa mawu a Chilomwe amene atsala m'kamwa mwa agogo, wa anamkungwi ndi akatekisti, wa mikangano ya minda m'madambo pamene nyanja yaphwa. Mukadzamaliza, mudzatiwerengere m'Chichewa pansi pa mtengo, kuti eni nkhani adzamve zimene mwalemba za iwo n'kukukonzani pamene mwaphonya.

Mafunso okambirana m'magulu sabata ino

Kodi m'limana mwathu ndani amene akulambalalidwa pogawa, monga amasiye a ku Yerusalemu aja, ndipo n'chifukwa chiyani sitimuona?

Kodi tikamalangiza ana athu za maphunziro, timayang'ana malipiro okha, kapena timafunsanso mphatso imene Mulungu anaika mwa iwo?

Kodi gulu lathu lingachite chiyani mwezi uno kuti pasapezeke wokhoza mayeso amene waphonya fomu chifukwa chosowa womuuza?

Tipemphere

Atate athu a Kumwamba, munatilenga amuna ndi akazi, a mitundu ndi zilankhulo zosiyana, n'kutisonkhanitsa m'mbali mwa nyanja imodzi. Patsani achinyamata athu nzeru zosankha bwino, makolo athu mtima wodekha powerengera, ndi parishi yathu manja otambasuka. Mayi Maria, Mpando wa Nzeru, mutipempherere. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Mukhale ndi sabata yodala.